Kuyeza matenda a histoplasmosis: zimene labotale imafufuza ndi chifukwa chake matendawa amabisala kumbuyo kwa TB

Mu October 2022, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mndandanda wake woyamba wa mafangasi 19 amene likuwaona kuti ndi chiopsezo pa miyoyo ya anthu, ndipo m'gulu lachiwiri la mndandandawo munali dzina limene ambiri a ife sitinalimvepo ngakhale kuchipatala, la Histoplasma. Zaka ziwiri m'mbuyomo, mu 2020, bungwe lomweli pamodzi ndi nthambi yake ya ku America ya PAHO linali litatulutsa malangizo apadera a kapezedwe ndi kachiritsidwe ka matenda a histoplasmosis mwa anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV. Munthu womva zimenezi ali ndi chifukwa chabwino chofunsira kuti, ngati matendawa ali oopsa chomwechi, nanga bwanji sitimva kuti uje am'peza nawo, monga timamvera za TB, malungo kapena matenda oumitsa khosi? Mbali yaikulu ya yankho ili mu labotale. Dokotala sangatsimikize histoplasmosis pongomuyang'ana wodwala kapena pomujambula pachifuwa, ndipo njira zoyezera zilipo zingapo, iliyonse ili ndi pamene imathandiza ndi pamene imalephera.

Fangasiyu ndi kumene amakhala

Histoplasma capsulatum ndi fangasi, ndiye kuti ali pa ubale ndi bowa, chuku chomera pa ufa wonyowa ndiponso yisiti wofufumitsira buledi. Amakhala m'dothi, makamaka limene lasakanizika kwa nthawi yaitali ndi zitosi za mbalame kapena za mileme, monga m'mapanga, m'makola akale a nkhuku, pansi pa mitengo imene mbalame zimagonamo zambiri, ndi m'madenga momwe mileme yakhazikika. Dothi lotere likatakasidwa, timbewu ta fangasiyu timauluka ndi fumbi n'kulowa m'mapapo a munthu popuma. Wodwala sapatsira mnzake potsokomola kapena pokhudzana.

Kuti munthu amvetse ntchito ya labotale, ayenera kudziwa kuti fangasiyu ali ndi maonekedwe awiri. M'dothi, pa kutentha kwa madigiri 25 kapena chapompo, amamera ngati chuku, ali ndi timaulusi ndi timbewu. Akalowa m'thupi, mmene mumatentha madigiri 37, amasanduka yisiti, timaselo tobulungira ting'onoting'ono tomwe timakhala mkati mwa maselo oyera a magazi otchedwa macrophage, omwe ntchito yawo inali yoti atimeze ndi kutipha. Choncho chimene katswiri amachiona m'magazi a wodwala n'chosiyana ndi chimene chimamera m'mbale ya mu labotale, ngakhale kuti chamoyocho n'chimodzi.

Anthu ambiri a chitetezo chabwino akapuma timbewuti sadwala n'komwe, kapena amamva ngati chimfine patatha masiku a pakati pa 3 ndi 17, kenako amachira okha. Ena, makamaka amene mapapo awo anaonongeka kale, amadwala chifuwa chokhalitsa chomwe chimaboola mapapo. Oopsa koposa ndi matenda ofalikira thupi lonse, m'chiwindi, m'kapamba, m'mafuta a m'mafupa, m'anabere, pakhungu ndi m'kamwa, ndipo awa amagwira kwambiri makanda, anthu akumwa mankhwala ofooketsa chitetezo, ndi anthu a HIV amene CD4 yawo yatsika kufika pansi pa 150. Akapanda kulandira mankhwala, odwala otere pafupifupi onse amamwalira.

Kufanana kwake ndi TB

Munthu wa HIV amene histoplasmosis yamufalikira amatentha thupi kwa milungu, amawonda, amatuluka thukuta usiku, amatsokomola, magazi amamuchepera ndipo anabere amatupa. Chithunzi cha X-ray chimatha kuonetsa timadontho tomwazikana m'mapapo onse. Dokotala aliyense wa ku Malawi kapena ku Zambia akaona zizindikirozi amayamba waganiza za TB, ndipo salakwa kutero, popeza TB ndiyo yofala kwambiri. Vuto limabwera pamene makhololo ayezedwa pa makina oyezera TB a GeneXpert osapezeka kanthu, wodwala n'kuyamba mankhwala a TB mongoganizira, koma osasintha. Pali zina zimene zingamudzutse dokotala watcheru, monga kutsika kwa mitundu yonse ya maselo a magazi nthawi imodzi, kukwera kwambiri m'magazi kwa mapuloteni otchedwa LDH ndi ferritin, ndiponso zilonda za m'kamwa kapena zotupa za pakhungu, koma palibe chimodzi mwa izi chimene chimatsimikiza matendawa.

Ku French Guiana, ku South America, kumene madokotala anazolowera kuwafufuza, histoplasmosis inapezeka kuti ndi matenda oyamba pa matenda osonyeza kuti munthu wa HIV wafika pa Edzi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anayerekeza kuti ku Latin America anthu a HIV ofa ndi histoplasmosis angafanane kapena kuposa ofa ndi TB. Kusiyanitsa matenda awiriwa si nkhani ya dzina chabe. Mankhwala a TB sapha fangasi, ndipo rifampicin, amene ali pakati pa mankhwala a TB, amachepetsa kwambiri mphamvu ya itraconazole m'magazi, chonsecho itraconazole ndiye amene wodwala histoplasmosis amayenera kumwa kwa chaka chathunthu akamaliza kulandira amphotericin B wa m'mitsempha. Komanso munthu mmodzi amatha kukhala ndi matenda onse awiri.

Njira zoyezera tingazimvetse poganizira mlimi amene wapeza chimanga chake chitadyedwa usiku. Kuti adziwe chilombo chimene chalowa m'munda, angathe kuchiona ndi maso, kuchigwira chamoyo pa msampha, kutola ubweya ndi ndowe zimene chasiya, kapena kungodalira kuti agalu anauwa. Labotale nayo imayang'ana fangasiyu pa makina oonera tizirombo, imamumeretsa, imafufuza tizidutswa take, kapena imayeza mmene chitetezo cha m'thupi chayankhira. Umboni wa agalu ndi wofooka kuposa winawo, chifukwa agalu ofooka ndi njala sauwa ngakhale chilombo chitadutsa pakhomo, pomwe ena amauwa chilombo chitapita kalekale.

Kumuona ndi maso

Iyi ndiyo njira yakale kuposa zonse. Mu 1905, dokotala wa ku America Samuel Darling, akugwira ntchito pa chipatala cha Ancon pa nthawi yokumba ngalande ya Panama, anapima mtembo wa bambo wina wochokera ku Martinique amene ziwalo zake zinkaoneka ngati za munthu wa TB yofalikira. Pa makina oonera tizirombo sanapeze majeremusi a TB, koma tinthu tobulungira todzaza mkati mwa maselo. Analemba za matendawa mu 1906, akuganiza kuti ndi kachirombo ka selo limodzi kofanana ndi kena kotchedwa Leishmania. Henrique da Rocha Lima, katswiri wa ku Brazil amene ankagwira ntchito ku Hamburg, ndiye anasonyeza mu 1912 kuti tinthuto tinali fangasi. Nkhani ya matendawa inayamba ndi kusokoneza, ndipo kusokoneza komweko kukuvutitsabe akatswiri lero.

Masiku ano katswiri amapaka pa galasi dontho la magazi, mafuta a m'fupa, madzi a m'mwanabere kapena zopala pa chilonda, n'kuthira utoto wa Giemsa, womwe uja amagwiritsa ntchito poyeza malungo pa galasi. Ngati chatengedwa ndi kachidutswa ka mnofu, amathira utoto wa siliva wotchedwa GMS, umene umadetsa fangasi kuti aoneke wakuda, kapena wa PAS, umene umamufiiritsa. Chimene amafuna ndi timayisiti totalika ma micrometre 2 mpaka 4 (micrometre imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pamene selo lofiira la magazi limafika pa 7 kapena 8, titadzazana mkati mwa selo limodzi, kalikonse katazunguliridwa ndi kamzere koyera. Ubwino wa njirayi ndi woti yankho limatuluka tsiku lomwelo ndipo sifuna zipangizo zodula.

Koma diso liyenera kukhala lozolowera. Leishmania ndi mafangasi ena monga Talaromyces marneffei wa ku Southeast Asia, Candida glabrata, Pneumocystis ndi Cryptococcus wamng'ono amatha kuoneka mofanana kwambiri ndi Histoplasma, ndipo kusiyana kwake kumakhala pa tinthu tating'ono, monga kadontho kena ka mkati mwa Leishmania kapena kamzere kogawa Talaromyces pakati. Ndiponso fangasiyu amaoneka m'magazi wamba mwa odwala ochepa okha, kawirikawiri amene matenda afika poipa, kotero kuti galasi losaonetsa kanthu silichotsa chikayiko.

Ku Africa kuli chinthu china chowonjezera. Mu 1952 katswiri wa ku Belgium Raymond Vanbreuseghem anafotokoza mtundu wina wotchedwa duboisii, umene umapezeka makamaka kumadzulo ndi pakati pa Africa. Yisiti wake ndi wamkulu, wa ma micrometre 8 mpaka 15, wa khungu lokhuthala, ndipo amakonda kugwira khungu, mafupa ndi anabere kusiyana ndi mapapo. M'mbale ya labotale mitundu iwiriyi imamera mofanana, ndiye kuti kukula kwa yisiti pa galasi ndi kumene kumaisiyanitsa.

Kumumeretsa

Njira yomeretsa fangasi, yotchedwa culture, ndiyo imapereka umboni wosatsutsika, chifukwa fangasi weniweniyo amakhala wagwidwa wamoyo. William DeMonbreun wa pa yunivesite ya Vanderbilt ku Nashville ndiye anayamba kumumeretsa mu 1934, n'kusonyeza maonekedwe ake awiri aja, ndipo mu 1949 Chester Emmons anamupeza m'dothi. Katswiri amaika magazi, mafuta a m'fupa, makhololo kapena kachidutswa ka mnofu pa chakudya cha mafangasi monga Sabouraud agar, n'kusunga pa madigiri 25 mpaka 30. Pakapita milungu pamamera chuku choyera chonga thonje, chomwe chimadera pang'ono pamene chikukalamba, ndipo pa makina oonera tizirombo pamaoneka timbewu tikuluikulu tobulungira tokhala ndi tiziphuphu kuzungulira. Popeza pali fangasi wina wa m'dothi, Sepedonium, wa timbewu tofanana ndi iti, labotale imatsimikiza pomusandutsa yisiti pa madigiri 37 kapena poyeza DNA yake.

Zovuta zake ndi ziwiri, ndipo zonse n'zazikulu. Choyamba ndi nthawi. Fangasiyu amachedwa kumera, kawirikawiri milungu iwiri mpaka inayi, ndipo labotale imasunga mbaleyo mpaka milungu 6 isananene kuti palibe chamera. Munthu wa CD4 yotsika kwambiri amene matenda amufalikira angathe kumwalira yankho lisanatuluke. M'makhololo mumakhalanso majeremusi ndi mafangasi ena omera msanga, amene amatha kudzaza mbale Histoplasma asanaonekere. Chachiwiri ndi ngozi kwa ogwira ntchito. Chuku chomera m'mbale chimabala timbewu tomwe tija timadwalitsa munthu akatipuma, ndipo ogwira ntchito mu labotale akhala akudwala atatsegula mbale yotere pamtetete. N'chifukwa chake ntchitoyi imafuna labotale ya chitetezo cha mlingo wachitatu, yonga imene amameretsera majeremusi a TB, ndiponso dokotala amayenera kulemba pa fomu kuti akuganizira histoplasmosis. Pa kafukufuku amene anaphatikiza zotsatira za maphunziro ambiri a anthu a HIV, amene malangizo a 2020 anatsamirapo, culture inapeza matendawa mwa odwala pafupifupi 77 pa 100 alionse. Mwa anthu amene matenda ali m'mapapo mokha ndipo ndi ongoyamba, imapeza ochepa kwambiri kuposa apa.

Yankho la thupi: khungu ndi ma antibody

Mpaka m'zaka za m'ma 1940, madokotala ankaganiza kuti histoplasmosis ndi matenda osowa amene amapha aliyense wowatenga, chifukwa ankangowaona m'mitembo ndi mwa odwala mwakayakaya. Chimene chinasintha maganizowa ndi kuyeza pakhungu ndi madzi otchedwa histoplasmin, mofanana ndi mmene amayezera TB pamkono. Mu 1945 Amos Christie ndi J. C. Peterson ku Tennessee, komanso Carroll Palmer amene anayeza ophunzira unamwino ambirimbiri, anapeza kuti anthu ochuluka okhala ndi zipsera m'mapapo pa X-ray, omwe ankayesedwa kuti anadwalapo TB, sanali kutupa akabayidwa tuberculin, madzi oyezera TB, koma ankatupa akabayidwa histoplasmin. Zinadziwika kuti m'zigwa za mitsinje ya Ohio ndi Mississippi akuluakulu ambiri anakumanapo ndi fangasiyu osadziwa. Kuyeza pakhungu kumangonena kuti munthu anakumanapo naye nthawi ina, choncho n'kothandiza pa kalembera wa dera koma osati pa wodwala amene wagona m'chipatala.

Ma antibody ndi mapuloteni amene thupi limapanga polimbana ndi mdani amene lamuzindikira, ndipo amayezedwa m'madzi a magazi. Pa njira ya immunodiffusion, katswiri amaboola timaenje m'mbale ya jelo, kena n'kuthiramo madzi a magazi a wodwala, kena tizidutswa ta fangasi. Ziwirizi zimayenda m'jelomo, ndipo pamene zakumana pamatuluka kamzere koyera. Mizere yodziwika ndi iwiri, wa M ndi wa H. Wa M umatuluka msanga ndiponso mwa odwala ambiri, koma umatha kukhalapo zaka munthu atachira. Wa H umaoneka mwa odwala ochepa, koma ukaoneka umasonyeza kuti matenda ali mkati. Njira ina, ya complement fixation, imasungunula madzi a magazi mobwerezabwereza kuti aone pamene mphamvu ya ma antibody ithere. Mlingo wa 1:32 kapena kuposa, ngakhalenso kukwera kanayi pakati pa magazi otengedwa motalikirana milungu ingapo, umalozera ku matenda amene alipo panopa.

Ma antibody amatenga milungu iwiri mpaka 6 kuti aoneke, kotero munthu woyezedwa atangoyamba kudwala angapezeke alibe. Amathandiza kwambiri pa chifuwa chokhalitsa ndi pa matenda a milungu ingapo mwa munthu wa chitetezo chabwino, ndiponso poyeza madzi a mumsana ngati fangasi wafika ku ubongo. Koma mwa anthu a HIV amene matenda afalikira, kafukufuku uja anapeza kuti njirayi imazindikira odwala 58 okha pa 100. Apa pali chinthu chowawa: munthu amene ali pa ngozi yaikulu ndi yemweyo amene thupi lake lafooka moti silingathe kupanga chimene labotale ikufuna.

Antigen ya mu mkodzo

Njira imene yasintha zinthu kwambiri imafufuza tizidutswa ta fangasi mwiniwakeyo, totchedwa antigen. Khungu la yisiti wa Histoplasma lili ndi mtundu wa shuga wotchedwa galactomannan, umene umasuluka n'kulowa m'magazi, kenako impso zimausefera mu mkodzo. Fangasi akachuluka m'thupi antigen imachulukanso, ndiye kuti njirayi imagwira bwino ntchito mwa odwala omwe aja ma antibody amawalephera.

Chiyambi chake chili mumzinda wa Indianapolis, kumene mliri wa mu 1978 ndi 1979 unakhudza anthu pafupifupi 100,000. Dokotala wa kumeneko, Joseph Wheat, ndi anzake anafalitsa mu 1986 njira yopezera antigen mu mkodzo ndi m'magazi, pa nthawi imene Edzi inali itayamba kubweretsa odwala ambiri a histoplasmosis yofalikira. Poyamba njirayi inkagwiritsa ntchito mankhwala otulutsa cheza, kenako inasinthidwa kukhala ya EIA, imene madzi amasintha mtundu ndipo makina amawerenga kuya kwa mtunduwo. Kwa zaka zambiri kuyeza kodalirika kunkachitikira mu labotale imodzi ya ku Indianapolis, imene pambuyo pake inakhala kampani ya MiraVista Diagnostics, ndipo mkodzo unkayenera kutumizidwa kumeneko. Kwa wodwala wa ku Guatemala kapena ku Cameroon, njira yotere inali ngati kulibe.

Zinthu zinasintha pamene kampani ya IMMY ya ku Oklahoma inayamba kugulitsa zida za EIA zoti labotale iliyonse yokhala ndi makina owerengera n'kugwiritsa ntchito, ndiponso pamene panatuluka timapepala toyezera mwachangu, togwira ntchito mofanana ndi kachida koyezera malungo pachala, tomwe timapereka yankho ola lisanathe. Mu 2019 WHO inaika kuyeza antigen ya Histoplasma pa mndandanda wa zoyezera zofunika kupezeka m'maiko onse, ndipo malangizo a 2020 anati mwa anthu a HIV matenda ofalikira azipezedwa ndi njira imeneyi. Pa kafukufuku wophatikiza uja, antigen inazindikira odwala 95 pa 100, ndipo mwa anthu 100 opanda matendawa inanena zoona pa 97.

Ziwerengerozi n'zokoma, koma tanthauzo lake limadalira anthu amene akuyezedwa. Tiyerekeze kuti tayeza anthu 1,000 ndipo 100 mwa iwo ali ndi matendawa. Chida chipeza 95 mwa odwalawo, n'kunamizira anthu 27 mwa 900 otsalawo, ndiye kuti ambiri mwa opezeka nawo ali nawodi. Koma ngati mwa anthu 1,000 odwala enieni ali 10 okha, chida chipeza 9 kapena 10, n'kunamizira pafupifupi 30, kotero kuti pa anthu anayi alionse ouzidwa kuti ali nawo, atatu alibe. Chida n'chomwecho, koma kulemera kwa yankho lake kwasintha. Popeza amphotericin B amatha kuononga impso ndipo itraconazole salolerana ndi mankhwala ena ambiri, kuphatikizapo ma ARV a efavirenz ndi nevirapine, kunamizira kotere si nkhani yaing'ono.

Chovuta china n'chakuti galactomannan wa Histoplasma amafanana ndi wa abale ake. Munthu wodwala chifukwa cha Blastomyces, Paracoccidioides kapena Talaromyces marneffei amatha kupezeka ndi antigen ya Histoplasma. Kum'mwera kwa Africa nkhaniyi ndi yapafupi, chifukwa mu 2013 madokotala a ku Cape Town analemba za odwala a HIV 13 amene anali ndi fangasi wosadziwika kale, yemwe tsopano amatchedwa Emergomyces africanus. Iyeyu amafanana ndi Histoplasma pa galasi ndipo amathanso kuonetsa antigen yake mu mkodzo. Mwayi wake ndi woti mankhwala a matenda onsewa ndi ofanana, amphotericin B kenako itraconazole, choncho wodwala kawirikawiri sataya kanthu. Amene amasokonezeka ndi owerenga chiwerengero cha matenda m'dziko. Ndiponso antigen imafooka pamene fangasi ali wochepa, monga pa chifuwa chokhalitsa kapena kachotupa kamodzi ka m'mapapo, ngakhale kuti kuyeza mkodzo ndi magazi pamodzi kumawonjezera mwayi wowapeza.

Antigen ili ndi ntchito inanso imene njira zina zilibe. Ikayezedwa pa makina opereka mlingo, imatsika pamene mankhwala akugwira ntchito ndipo imakweranso matenda akabwerera, motero dokotala amatha kutsatira mmene wodwala akuyendera. Pali zoyezera zina ziwiri zimene zimatha kuonetsa kanthu mwa wodwala histoplasmosis, beta-D-glucan ndi galactomannan wa fangasi wina wotchedwa Aspergillus, koma izi zimangonena kuti m'thupi muli fangasi osatchula kuti ndi uti.

Kufufuza DNA

Njira ya PCR imachulukitsa kachidutswa ka DNA ya fangasi mpaka makina athe kukaona, ndipo ma labotale ambiri amalunjika pa jini yotchedwa Hcp100 kapena pa chigawo cha ITS. Pa kafukufuku uja inachita bwino mofanana ndi antigen, ndipo ili ndi mwayi woti imasiyanitsa Histoplasma ndi abale ake, ngakhale pa kachidutswa ka mnofu kamene kanasungidwa kale. Koma labotale iliyonse yakhala ikupanga njira yakeyake, zotsatira za kuno ndi uko n'zovuta kuziyerekeza, ndipo GeneXpert imene ili m'zipatala zathu zambiri imayeza TB, osati fangasiyu. N'chifukwa chake malangizo a 2020 anatsogoza antigen.

Mafunso amene adakalipo

Funso loyamba n'lakuti ayenera kuyezedwa ndani. Malangizo a WHO a 2017 okhudza anthu amene HIV yawafooketsa kwambiri, kutanthauza a CD4 yosakwana 200 kapena odwala matenda aakulu, anatchula kuyeza Cryptococcus, fangasi woyambitsa matenda oumitsa khosi, m'magazi ndi kufufuza TB, kuphatikizapo kuyeza mu mkodzo kachidutswa ka majeremusi a TB kotchedwa LAM, njira imene kafukufuku wa STAMP, wochitikira ku Zomba ndi ku Edendale ku South Africa n'kufalitsidwa mu 2018, anaiyesa mwa odwala ogonekedwa m'chipatala. Histoplasma munalibe m'malangizowo. Ena amati popeza mkodzo umakhala watengedwa kale, kuviikamo kapepala kachiwiri n'kosavuta, ndipo amaloza ku Guatemala, kumene kuyeza TB, Cryptococcus ndi Histoplasma pamodzi kunavumbula odwala ambiri amene kale sankapezeka. Ena amati kumene matendawa ali ochepa, kuyeza aliyense kungabweretse onamiziridwa ambiri ndi kudya ndalama zimene zikanagwira ntchito ina, choncho ndi bwino kuyeza okhawo amene akudwala ngati TB koma TB sikupezeka kapena mankhwala ake sakuthandiza.

Mkanganowu sungathe popanda kuyankha funso lachiwiri, la kuchuluka kwa matendawa m'dera lililonse la Africa. Ku Nigeria, kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 anapeza antigen mu mkodzo wa anthu pafupifupi 8 pa 100 alionse amene HIV inawafooketsa kwambiri, koma fangasiyu amakhala m'malo osankhika malinga ndi dothi, chinyezi ndi mileme, moti chiwerengero cha dziko lina sichingangokopedwa n'kuikidwa pa dziko linzake. Pomwe sayeza, kaundula amaonetsa kuti matenda kulibe, ndipo pomwe kaundula akuonetsa kuti kulibe, palibe amene amaitanitsa zoyezera.

Lachitatu likukhudza fangasi mwiniwakeyo. Mu 2017 akatswiri ofufuza majini ananena kuti chimene chinkatchedwa Histoplasma capsulatum ndi mitundu ingapo, ndipo anaipatsa maina monga Histoplasma ohiense, Histoplasma mississippiense ndi Histoplasma suramericanum. Zida zambiri zoyezera antigen zinapangidwa ndi kuyesedwa pa odwala a ku America. Akatswiri akufufuzabe ngati zimagwira ntchito mofanana pa mitundu ya ku Africa, makamaka duboisii amene amakonda kukhala pakhungu ndi m'mafupa, ndiponso ngati n'zotheka kupanga chida chotsika mtengo chosiyanitsa Histoplasma ndi Emergomyces.

Palinso mafunso a kuchipatala. Timapepala toyezera mwachangu timawerengedwa ndi maso, ndipo kamzere kozimiririka kamatha kuwerengedwa mosiyana ndi anthu awiri. Umboni wambiri unatengedwa kwa akuluakulu a HIV, ndipo wa ana ndi wa anthu opanda HIV m'maiko osauka ndi wochepa. Akatswiri sanagwirizanebe za choyenera kuchita ndi munthu amene antigen yapezeka mu mkodzo wake koma alibe chizindikiro chilichonse. Ndiye pali funso limene oyang'anira bajeti ya zaumoyo amafunsa asanagule chida chilichonse: wodwala akapezeka nawo pa chipatala cha boma la kutali ndi mzinda, kodi liposomal amphotericin B wa milungu iwiri yoyambirira ndi itraconazole wa miyezi 12 adzakhala alipo m'nyumba yosungira mankhwala?